Dothi la pa Kadambo ka Jethro

Kanakantapa, Chongwe
12 Malichi 1989

Mlongo wanga Keziah,

Landira moni wochokera kwa ine, mlamu wako Eneless na mwana wathu Tisauke. Ise tili bwino, kaya iwe uko ku Edinburgh kumene amati dzuwa limaoneka mwa apo na apo. Chipitire unalemba kamodzi chabe, nayonso kalata inapita kwa atate ku Chalimbana. Ise a kuthengo watiiwala?

Puloti imene boma linatipatsa manje yayamba kuoneka ngati munda wa munthu. Zitsa zambiri nazula. Atate ananibwereka ng'ombe zawo ziwiri zija, Sitimela na Jamani, ati nikhale nazo mpaka nikagule zanga. Chimanga chabereka bwino. Anzanga amene ninasiya ku Lusaka akufola na makuponi a unga, koma ine chaka chino sinizafola.

Vuto lathu ni madzi. Ikafika Ogasiti ng'ombe zimayenda mtunda wautali kukamwa kumtsinje, zikabwerako zatopa kale. Koma pa kadambo kaja kumunsi kwa puloti, pamene unatapa dothi m'mabotolo ako, udzu suuma. Ine na ba Nason, a puloti yoyandikana na yathu, tagwirizana kuti tikumbe kadamu pamenepo tikakolola. Ba Nason amaseka mpaka lero, ati sanaonepo munthu wophunzira akunyamula matope kupita nawo kwa azungu. Nanga unapezamo chiyani m'matopemo?

Tisauke wayamba sukulu koma ayenda pansi. Nalemba phazi lake kuseri kwa pepalali. Ukaona nsapato zolimba, umukumbukire.

Nine mlongo wako,
Jethro

*

Edinburgh
20 Epulo 1989

Alongo anga a Jethro,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndi kuti chimanga chabereka. Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno kumalowa mpaka m'mano. Nsapato za Tisauke ndagula, ndapatsira mnzanga amene akubwera ku Lusaka mwezi wamawa.

A Nason muwauze kuti matope aja ndiwo sukulu yanga yonse. Ntchito yanga ndi ya tizilombo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Tina mwa ito timagona m'dothi zaka zambirimbiri osafa. Munthu akatidzutsa mu labu n'kutiona pa makina okuza zinthu, amatha kudziwa zimene zinachitika pamalopo kalekale: kunali ziweto zotani, zinkadwala chiyani, anthu ankataya kuti zonyansa. Ena amaphunzira mbiri pofunsa okalamba. Ine ndimafunsa dothi.

Ndinabwera ndi mabotolo ochokera m'malo angapo a ku Chongwe, koma la pa kadambo panu ndilo lakondweretsa aphunzitsi anga koposa onse. Muli zamoyo zambiri zimene sitinayembekezere. Apulofesa akuti zikayenda bwino, dzina langa lidzamveka ndi botolo limeneli. Masiku ano ndimaswera mu labu, kudya n'kuiwala.

Mundiperekere moni kwa alamu anga. Atate mukawaona muwauze kuti kutchalitchi ndikupita.

Ndine mlongo wanu,
Keziah

*

Kanakantapa
16 Julayi 1989

Mlongo wanga Keziah,

Moni kwa iwe. Ise tili bwino. Nsapato zinafika, Tisauke amafuna kugona nazo.

Kalata yako inanikondweretsa maningi. Ninaiwerenga pamsonkhano wa chigawo chathu, pamaso pa ba cheyamani a chipani. Ninawauza kuti madokotala a ku Ulaya apima dothi la pa puloti yanga napeza kuti ni lamoyo kupambana lonse la mu Chongwe. Anthu anaomba m'manja. Ba cheyamani ati akabwera akuluakulu ochokera ku Lusaka kudzaona mapuloti, azayambira pa yanga.

Takolola. Manje tingodikira kuti pansi paumeko pang'ono, mu Seputembala tiyambe kukumba kadamu kaja. Ba Nason abwereka kale wilibala na mapiki. Akazi awo, ba Selestina, ati azalima ndiwo zamasamba m'mbali mwake pamodzi na Eneless, azikagulitsa ku Chongwe.

Ukabwera uzasamba madzi a pa puloti ya mlongo wako.

Jethro

*

Edinburgh
14 Ogasiti 1989

Alongo anga,

Moni nonse. Ndili bwino. Ndikulemba mwachangu chifukwa ntchito yandichulukira.

Za damu lija, chonde musakumbe pa kadambo paja pakali pano. Kumbani pena, kapena dikirani. Pali zina zimene tikufuna kutsimikiza kaye. Ndibwera pa Khirisimasi, ndidzakufotokozerani zonse pamaso. Nkhaniyi musaitengerenso kumsonkhano.

Moni kwa alamu ndi Tisauke.

Keziah

*

Kanakantapa
8 Okutobala 1989

Keziah,

Tili bwino. Kakalata kako kanafika titayamba kale kukumba. Nakawerenga mobwerezabwereza koma sinikumva. Mu Epulo unati dothi langa ni labwino. Manje uti nisakumbe, chifukwa chake sunanene. Uti nikumbe pena. Pena pati? Puloti yonse ni miyala, madzi ali pamodzi chabe. Uti nidikire Khirisimasi. Ng'ombe za atate nazonso zidikire Khirisimasi kuti zimwe madzi?

Ninawaonetsa ba Nason. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ati, "Mwana wa kwanu ni wochenjera. Wapezamo miyala yamtengo ija ya ku Ndola. Afuna abwere na azungu ake akumbe okha. N'chifukwa chake ati usauze msonkhano." Ine ninawadzudzula, ninati mlongo wanga sangatero. Koma nisakubise, nanenso ninayamba kuganiza. Munthu wako akakuletsa chinthu osanena chifukwa, mtima umadzipezera wokha chifukwa.

Choncho takumba, tazamitsanso kupitirira mmene tinapanganira. Miyala yamtengo sitinaione. Tapeza mafupa chabe, ambirimbiri, nyanga na zigaza za ng'ombe zowolawola. Ba Nason awaunjika pambali, ati tizawatentha tithire phulusa kudimba. Pansi pake madzi atuluka. Sitimela na Jamani akumwa pakhomo, sakuyendanso mtunda uja.

Ngati pali chimene ufuna pa puloti yanga, unene poyera. Nine mkulu wako.

Jethro

*

Edinburgh
30 Okutobala 1989

Alongo anga a Jethro,

Kalata yanu yafika lero. Ndatumiza kale telegalamu kwa atate ku Chalimbana. Kalatayi ndikulemba kuti mumve zonse.

Chotsani ng'ombe pa damulo lero lomwe. Munthu asamwe madziwo, asasambe, asathirire ndiwo. Mafupa aja musawagwire ndi manja.

Ndisanabwere kuno ndinawerenga mabuku akale a madokotala a ziweto a nthawi ya atsamunda. Analemba kuti mlimi wina wachizungu wa kufupi ndi mtsinje wa Kanakantapa ng'ombe zake zinafa zambiri chaka chimodzi, ndipo anazikwirira m'dzenje. Malo enieni sanawatchule. N'chifukwa chake ndinkayenda ndi mabotolo aja, ndinkafunafuna dzenje limenelo. Ndi kadambo kanu.

M'dothimo muli tizilombo ta matenda otchedwa antirakisi, ndipo tili moyo. Ng'ombe ikatimeza imafa mwadzidzidzi, magazi akuda n'kumatuluka m'mphuno ndi kumbuyo. Ikafa chotero musaisende, musadye nyama yake. Itenthedwe yonse ndipo muitane a zaziweto. Munthu akatuluka chilonda chakuda pakati, kapena akayamba kupweteka m'mimba ndi kusanza, athamangire kuchipatala, akanene dzina la matendawa. Jakisoni wa penisilini amachiritsa ngati munthu afika msanga.

Chonde ndiyankheni tsiku lomwe mulandire.

Keziah

*

Chalimbana
19 Novembala 1989

Mwana wanga Keziah,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Ndikulemba ndine atate ako, chifukwa mlongo wako sali m'maganizo oti angagwire cholembera.

Sitimela anafa kumapeto kwa Okutobala. M'mawa anali kudya msipu, pofika masana anali atagona. Jethro anaitana a Nason kuti amuthandize kusenda, ndipo nyama inagawidwa kwa anansi monga timachitira. Eneless ndiye anatsuka zam'kati. Jamani anatsatira patangopita masiku ochepa.

Telegalamu yako inandipeza nyama ya ng'ombe yoyamba itadyedwa kale. Ndinapalasa njinga mpaka ku Kanakantapa. Ndinapeza a Nason akubuula ndi m'mimba, Eneless ali ndi chilonda pamkono, pakati pake pakuda ngati khala. Tinapeza thirakitala yotitengera kuchipatala ku Chongwe. Ndinapereka telegalamu ija kwa dokotala, ndipo atangowerenga dzina la matendawo anayamba jakisoni nthawi yomweyo, natumiza anthu kukatenga onse amene anadya nyamayo. Iye anati pepala lako lapulumutsa ambiri. Eneless akuchira. Tisauke sanadwale. Ena anadwala pang'ono, onse abwerera kwawo.

A Nason sanabwerere. Iwo anadya chiwindi chowotcha mwachangu pomwe ankasendapo, ndipo tinafika nawo mochedwa. Tinawaika Loweruka lapitalo. Asiya a Selestina ndi ana anayi.

A zaziweto anabwera. Atentha Jamani, atchinga damu ndi waya waminga, abaya katemera ng'ombe za chigawo chonse. Aletsanso kugulitsa ziweto mpaka adzanene. Anthu ena sakumulankhula Jethro. Puloti sanamulande.

Za ng'ombe zanga usadandaule, ndakalamba kale, kulima kunali kutanditopetsa. Koma pali chinthu chimodzi. Jethro anandionetsa kalata yako ya mu Ogasiti. Ndinaphunzitsa ana zaka zambiri, ndipo ndimazindikira mwana amene akudziwa yankho koma sakufuna kulinena. Ndiuze zoona, mwana wanga. Unadziwa liti?

Ndine atate ako,
Matthias

*

Edinburgh
10 Disembala 1989

Atate,

Ndalandira kalata yanu. Sindikudziwa kuti ndikupatseni moni wotani.

Ndinadziwa mu Julayi. Kukayikira ndinayamba kale mu Epulo, pamene ndinkalemba kuti botolo lija lakondweretsa aphunzitsi anga. Alongo anali atandiuza kale za damu, koma ine maso anali pa botolo, mawu awo ndinangowadumpha. Mu Julayi zotsatira zoyamba zinatuluka. Apulofesa anati tipimenso kuti tisachititse anthu mantha pachabe. Sanandiletse kuchenjeza abale anga, ndisawanamizire. Ndinadziletsa ndekha.

Ndinkaopa kuti ndikatchula dzina la matendawa, nkhani ifika kwa a boma ndipo alongo alandidwa puloti imene anaidikira nthawi yaitali. Ndinkaopanso manyazi amene akanawagwera, atanena kale pamsonkhano kuti dothi lawo ndi labwino. Ndinkadziuza kuti ndikuwateteza, ndikafika pa Khirisimasi tidzakonza mwakachetechete.

Koma munati ndinene zoona. Palinso china. Ndinkafuna kuti nkhaniyi idzamveke itakwanira, ili m'dzina langa, osati ithamangiridwe ndi ena ntchito yanga isanathe. Chifukwa chimenechi sindinkachiyang'ana, koma chinalipo. Mzere umodzi wokha ukanakwana: m'dothimo muli matenda opha ng'ombe ndi anthu. Alongo akanamva. A Nason akanamva. Ine ndinaphunzira kuti ndizidziwa zimenezi, ndipo tsiku limene kudziwa kwanga kunafunika pakhomo pathu, ndinalemba mizere yobisa.

Pa Khirisimasi sindibwera. Sindingathe kudutsa pakhomo pa a Selestina. Kalatayi muwaonetse alongo.

Mwana wanu,
Keziah

*

Kanakantapa
28 Januwale 1990

Keziah,

Atate ananipatsa kalata yako. Tili moyo.

Ninakwiya, sinikana. Ninafuna kukulembera mawu oipa, Eneless ananilanda pepala. Koma manje nikuuze zimene atate sanakuuze, chifukwa panalibe iwo.

Pamene Sitimela anagwa, ninaona magazi m'mphuno mwake, akuda, osagwirana. Eneless anati kwa ine, "Ba shi Tisauke, iyi ng'ombe yafa imfa yoipa, tiikwirire." Ine nili chiimire pamenepo ninakumbukira kakalata kako. Mtima unaniuza kuti mwina ni ichi chimene Keziah anali kukana. Koma ninati ng'ombe ya atate siingatayidwe ngati galu, ndipo anthu a kuno atha miyezi osalawa nyama. Ninafuna anitamande. Nine ninapita kukagogoda kwa ba Nason. Anali kukhoma denga la khola, ananiuza kuti abwera akamaliza. Nine ninawakakamiza kuti atsike, nyama ingaonongeke na dzuwa. Chiwindi chija nine ninawapatsa, monga ulemu wa wosenda.

Choncho mlandu uyu si digiri yakuti uulandire wekha. Iwe unabisa dzina, ine ninaona magazi. Koma usaganize kuti nakukhululukira. Sininafike pamenepo. Nanenso sininadzikhululukire.

Chaka chino nalima na khasu, munda wanga na wa ba Selestina. Saniletsa, koma sanilankhula. Akanipatsa madzi akumwa amatuma mwana.

Jethro

*

Edinburgh
18 Malichi 1990

Alamu anga a Eneless,

Moni. Mkono uli bwanji? Ndikulembera inu chifukwa alongo sindikudziwa ngati akufuna kuona dzanja langa.

M'kati mwa envelopuyi muli kalata ina ya a Selestina. Ndamva kuti sawerenga bwino. Ngati mungathe, muwawerengere. Akakana musawakakamize.

Ntchito yanga yatha ndipo aivomereza. Anthu akundiyamikira kuti mothandizidwa ndi mabuku akale ndapeza tizilombo togona m'dothi kuyambira nthawi ya atsamunda. Pondigwira chanza ndimangoona a Nason akuseka matope anga. Apulofesa andipempha kuti nditsale kuno ndizigwira nawo ntchito. Sindinayankhe.

Mabuku aja samanena za dzenje limodzi lokha. Akutchulanso mafamu ena a m'dera lomwelo kumene ng'ombe zinafa chaka chomwecho. Ndalembera a zaziweto ku Lusaka zonse zimene ndikudziwa, nthawi ino mosabisa kanthu. Ayankha kuti ayamikira, koma kuti apeze maenjewo pafunika munthu woyenda pansi ndi kupima dothi malo ndi malo, ndipo odziwa ntchitoyi ali nawo ochepa. Andifunsa ngati ndingabwere. Koma ndani kumeneko angandilole kuponda pa puloti yake?

Mlamu wanu,
Keziah

*

Kanakantapa
6 Meyi 1990

Alamu anga a Keziah,

Moni. Ife tili bwino. Mkono unapola, chatsala ni chipsera chabe, chimanyereza kukazizira. Tisauke akupatsani moni. Mundikhululukire kalembedwe, sukulu sininapite nayo patali.

Kalata ija ninakhala nayo sabata yathunthu, kuopa. Kenaka ninapita. Ninawapeza ba Selestina akuthyola nshawa pakhonde. Ninati, "Nabwera na mawu a mlamu wanga wa ku Ulaya. Ngati simufuna, nibwerera nawo." Anati, "Khala pansi, werenga."

Ninawerenga yonse. Iwo manja sanaleke kugwira ntchito. Pamene munalemba kuti munadziwa mu Julayi, ananiimitsa, anati nibwerezenso. Ninabwereza. Anati, "Julayi. Ni mwezi umene amuna anga anapita kukabwereka mapiki." Atatero ine ninalira, iwo ayi.

Nitamaliza anati, "Chisoni chake namva. Chisoni ana anga sangadye, bambo wawo sichingamuutse." Ine ninawauzako za maenje ena aja, na kuti a zaziweto akufunani koma inu muopa kubwera. Pamenepo ndiye anaika nshawa pansi. Anati, "Ati pali maenje ena? Nanga akhalira chiyani kumeneko? Mchimwene wanga wa ku chigawo cha kumtunda afuna kukumba damu chaka chino. Nayenso adzalandire kalata yopepesa?"

Alamu, n'zoona. Anthu ambiri afuna kukumba mu Seputembala chifukwa mvula inali yochepa. Ena aopa, ena ati matenda anathera pa damu lathu. Palibe amene adziwa pamene pali pabwino. Ba cheyamani ati mukabwera azaitana msonkhano. Sinikunamizani kuti onse azakulandirani bwino. Ena azakutukwanani. Mlongo wanu amatukwanidwa mpaka lero, koma m'mawa uliwonse amadutsa pakati pawo na khasu paphewa.

Iye sananene kuti nikuitaneni. Koma dzulo ninamuona akumata chipinda chaching'ono chija, ndipo alendo ena sitikuyembekezera.

Mubwere anthu asanayambe kukumba. Ba Selestina ati mukatsika basi muyambe mwafika kwawo, musanafike kwathu. Chimene azakuuzani sananene, ndipo ine sininafunse.

Nine mlamu wanu,
Eneless